Chowazira cha Ukwati wa Nasiban

Ine ndine Waziran, ndipo kuyambira ndili buthu ntchito yanga yakhala imodzi, kupera golide ndi uchi. Umatenga masamba a golide opyapyala aja, amene ukangopumira pafupi amauluka, n'kuwapera ndi chala m'mbale ya uchi mpaka asanduke phala. Kenaka umatsuka uchiwo ndi madzi, golide n'kutsalira pansi ngati ufa. Mwana wamkazi amalekezera pamenepo. Kusakaniza utoto, kugwira kaburashi, kudziwa kuti moto wakwana, zonsezo bambo athu anaphunzitsa mlongo wanga Bulaqi, ine atandithamangitsira kukhitchini. Ankati mwana wamkazi ndi mlendo pakhomo: ukamuphunzitsa, tsiku la ukwati amanyamula luso lonse n'kukalitula kwa eni ake ena. Mkazi wa mwana wako ungamuphunzitse, poti wabwera kudzakhala, koma mwana wobereka wekha ayi. Ndi lamulo la amisiri onse a mumsewu wathu wa magalasi kuno ku Lakhnau. Ndinakula ndikudana nalo, ndinakwatiwa ndikudana nalo, ndipo mwamuna wanga atamwalira ndinabwerera kwathu ndikudana nalobe.

Mlongo wangayo anali mmisiri, tisanamizane. Mitsuko ya huka, kaliwo wathu wamadzi uja, yambiri ya m'nyumba za Manawabu ndi Mabegamu, amuna ndi amayi achifumu a kuno, inadutsa m'manja mwake. Ankatenga galasi lobiriwira ngati tsamba la mango n'kuliyala golide thupi lonse, maluwa okha n'kuwasiya obiriwira. Lina labuluu ankalidonthezera utoto wofiira ndi woyera, umene umasungunukira m'galasimo ukalowa pamoto. Koma Mulungu anamupatsa mwana mmodzi yekha, wamkazi, dzina lake Nasiban, amayi ake n'kutsogola mwanayo akadali pabere. Utsi wa ng'anjo utayamba kumudya maso ndi chifuwa, Bulaqi anayang'ana uku ndi uku, n'kupeza kuti dzanja losanjenjemera m'nyumbamo ndi la mtsikanayo. Anamuphunzitsa chitseko chili chotseka. Mlonda wa pakhomo ndinali ine, ndipo sindinagwirepo ntchito ina ndi mtima wonse ngati imeneyo.

Anthu a mumsewu ankadziwa, musanamizidwe. Munthu wolephera kulowetsa ulusi pasingano angajambule bwanji mitsempha ya tsamba? Koma malinga nkhani isanatchulidwe pakamwa, aliyense ankayang'ana kumbali.

Nasiban atakula anatomeredwa ndi Niamat, mwana wa otcheza madzi a rozi ku Kanauj, mnyamata wamtali woseka ndi mano onse, amene akakhala pamkeka wako umanunkhira mpaka mkuja. Mwanayo ankamufuna, sizinali zokakamiza. Paukwati alendo amawazidwa madzi a rozi pakhomo, ndiye iye anati chowazira cha ukwati wake ajambula yekha. Linali botolo labuluu, mimba yobulungira, khosi lalitali lowonda ngati la kakowa. Anazunguliza marozi, pakati n'kuikapo nsomba ziwiri zagolide zoyang'anizana.

Golide asanalowe m'ng'anjo ndi fumbi chabe, ukamukhudza ndi chala amachoka. Akalowa pamoto ndiye wamamatira pagalasi mpaka kalekale. Ng'anjo yaikulu ya msewu wathu ili kwa a Shabrati, mkulu wa amisiri, bambo wonenepa wamisozi pafupi, mnzake wa Bulaqi kuyambira akuulutsa makaiti padenga. Kumeneko ndi kumene mlongo wanga anapita nacho chowaziracho, atachigoneka m'bokosi la thonje. Zimene zinachitika ndinazimva kwa akazi a Shabrati, amene amaona zonse pakabowo ka nsalu yotchinga.

Amuna anali atakhala bwalo, huka ikuzungulira monga mwa masiku onse, bokosilo likuyenda dzanja ndi dzanja. Jumman, uja wojambula mbalame zooneka ngati abakha olumala, ndiye anayambitsa.

"Koma Bulaqi, ukalamba uno maso akubwerera? Tiuze mankhwala ake, nafenso tidonthezeko."

Onse anaseka. Mlongo wanga akanangoseka nawo, bwenzi nkhani ino palibe. Koma kunyadira mwana kunamukwera kumutu.

"Si ine," anatero. "Ndi Nasiban. Taonani mamba a nsombazo. Ndani wa inu angajambule otere?"

Kenaka wina anafunsa motsitsa mawu kuti, kodi si mwana yemweyu akupita ku Kanauj, kumene oumba mabotolo a mafuta onunkhira akhala akulakalaka utoto wathu kuyambira makolo? Paipi ya huka inafika kwa Jumman, amene anakhala kumanzere kwa Bulaqi. Jumman anakoka utsi, n'kutambasula mkono pamwamba pa mawondo a Bulaqi, kupatsira wotsatira.

Munthu akadumphidwa huka chonchi, watha. Palibe womupatsa madzi akumwa kapena kumwa ake, ng'anjo yamutsekekera, paukwati wa mwana wake sipabwera munthu, ndipo akafa palibe woika phewa pansi pa chithatha chake.

M'mawa mwake a Shabrati anabwera, n'kuima pamsewu osaponda pakhomo, misozi ili chuchuchu m'ndevu.

"Bulaqi m'bale wanga, pakamwa pako pakupha," anatero. "Zaka zonsezi takhala chete, iwe n'kukazitulutsa pabwalo? Koma njira ilipo. Mwanayu atenthe maburashi ake ife tikuona, alumbire atagwira Buku la Mulungu kuti sadzajambulanso, sadzauzanso munthu, ngakhale mwamuna wake. Akatero huka ikubwerera lero lomwe."

Nasiban anayankha ali kuseri kwa chitseko. "A Shabrati, ndilumbire kuti manja anga aiwale? Ndikalumbira ndinama, inunso mukudziwa kuti ndinama. Mukufuna ndigwire Buku bodza lili m'kamwa?"

"Mwana iwe, ine ndangotumidwa."

"Mwatumidwa ndi ndani, inu muli mkulu?" ndinalowerera ine, poti mtima unali utandiwira kale. "Pukutani mamina mukalirire kwanu. Pano patikwanira tokha olira."

Anapita akufwenthera. Bulaqi anandikalipira kuti ndanyoza mnzake, koma za kutentha maburashi sanatchule n'komwe.

Nthawi imeneyo tinali ndi mtsuko wa huka wa Begamu wina wa kutsidya kwa mtsinje wa Gomti, wojambula kale, wongodikira moto. Ine ndinati tikapepese kwa kapitawo wake. Nasiban anakana.

"Ng'anjo ndi dothi ndi moto, Azakhali. Dothi lili kumtsinje, moto uli kukhitchini. Chovuta n'chiyani?"

Chovuta chinalipo, ndipo tinachiona. Mwanayo anali asanasuzumirepo m'ng'anjo chibadwire. Bambo ake ankamulangiza atagona pamkeka, akutsokomola, iye akuumba kuseri kwa nyumba pafupi ndi pophikira mikate. Anayamba ndi zigoba za magalasi osweka ndi zibangili zakale. Choyamba chinatuluka chitaphwa ngati chisoti chokhalidwa. Chachiwiri chinatuluka bwino, koma chinazizira msanga n'kungoti phwa m'manja. Utoto wofiira unkatuluka ngati chiwindi chowola. Nkhuni za mango zinali ndi utsi wodetsa golide, ndiye tinayamba kusaka za bwemba, ine nkhalamba ndikusenza mitolo pamutu, akazi a mumsewu akusuzumira pamazenera. Mvula inabwera n'kugwetsa ng'anjo yoyambayo. Nasiban anaima m'matopemo, anaiyang'ana, n'kupita kukatenga dengu la dothi.

Tsiku lina lawi linamunyambita kumaso, nsidze zonse psiti.

"Ukalowa m'banja wopanda nsidze iwe," ndinamuuza ndikumupaka mafuta.

"A Niamat akukwatira nsidze?"

"Akukwatira mutu wouma, ndipo ndikuwamvera chisoni."

Ndinkamuseka choncho, koma mumtima ndinkati mwana uyu akuchita zimene ine ndinalephera ngakhale kulota. Khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo. Mvula isanathe anali ataudziwa moto wake ngati mmene mayi amadziwira kulira kwa mwana. Ankasuzumira pakabowo, akaona utoto wayamba kunyezimira ngati wanyowa, ankazimitsa n'kumata pakhomo pa ng'anjo ndi dothi kuti izizire yokha. Mtsuko wa Begamu unalowa, unatuluka wathunthu. Golide amatuluka pamoto ali mbuu, ndiye tinamukwecha ndi mwala wosalala mpaka maluwa anadzuka. Kapitawo atabwera anauzunguliza padzuwa, n'kunena kuti Begamu afunanso wina wabuluu. Chowazira chokha ndicho sichinalowe m'kang'anjo kathu, chifukwa khosi lake linali lalitali. Chinatsala m'bokosi lake la thonje, golide wake akadali fumbi.

Tinathamangira kwa Bulaqi ndi nkhani ya kapitawoyo ngati ana otola mango. Tinamupeza atakhala pakhomo, pamene anazolowera kukhala masana onse chimudumphireni huka, akusuta yakeyake, yokongola kuposa zonse za mumsewu. Amuna ankadutsa maso ali pansi.

"Wakhoza, mwana wanga," anatero. Basi, mawu ake anali omwewo.

Anakoka utsi, kenaka mwachizolowezi anatambasulira dzanja kumanja, kupatsira mnzake. Kunalibe munthu. Dzanjalo linakhala m'malere kanthawi, n'kubwerera pang'onopang'ono. Ine zinandipweteka kuposa tsiku limene ndinaika mwamuna wanga.

"Achimwene," ndinatero, "Begamu wakondwa nafe. Tikamudandaulire, awalamule anthu awa asiye zopusazi."

"Waziran, Begamu angathe kulamula kuti Jumman adulidwe mutu. Koma sangamulamule kuti andipatsire huka." Anatsokomola nthawi yaitali, n'kubisa kansalu m'manja, koma tonse tinaona kuti kafiira. "Za ng'anjo sindidandaula, mwanayu watha nazo. Koma ndikafa adzandinyamula ndani? Mudzaitana aganyu a pamsika, ndipite kumanda ngati thumba la mpunga? Bambo athu ndinawanyamula ine ndi Shabrati, phewa ndi phewa."

Nasiban anatenga mbale n'kuyamba kusankha mphodza, koma ndinaona kuti akutaya zabwino n'kusunga miyala.

Patapita masiku anandipeza ndikupera golide.

"Azakhali, lamulo limeneli likuopa chiyani kwenikweni?"

"Likuopa kuti luso lituluka pakhomo ndi mkwatibwi."

"Ndiye mkwatibwi asatuluke. Mkwati alowe."

Ndinaseka mpaka uchi unadontha pansi. "Mkamwini? Mwana wa eni miphika ya Kanauj adzakhale kwa akazi ake, ana a mumsewu azimuimba nyimbo? Iwe moto uja unakupserezanso ubongo."

"Ndimufunsa. Akakana akane yekha."

Niamat anabwera mumzinda ndi abulu ake kudzagulitsa madzi a rozi m'nyumba za akuluakulu. Ndinamuitanitsa, ndinapachika nsalu pakati pa bwalo, iye uku, Nasiban uko, ine pakati ngati mtengo wa mpanda.

"Ndamva kuti nsidze zinapsa," anayamba Niamat, akuseka.

"Zinameranso. Amene anakuuzaniyo akakuuzeninso zimenezo."

Kenaka anamuuza zonse, osazungulira, mpaka pempho lake. Kuseka kwa mnyamatayo kunatha. Anakhala akutembenuza chisoti chake m'manja.

"Nasiban, marozi sangatchezedwe ku Lakhnau. Amathyoledwa mame asanaume, akangochedwa fungo lathawa. Za kusekedwa ndi ana ndikanapirira. Koma bambo anga ali ndi ine ndekha wodziwa moto wa miphika ija. Ndikachoka, nawonso atsala pakhomo ngati bambo anuwa." Anaika chisoticho pansi. "Ingolumbirani basi. Kwathu simudzasowa kanthu. Manja anu akapume."

"Inu mungalumbire kuti simudzanunkhizanso duwa?"

Niamat anayesa kuseka, koma analephera. "Ayi."

"Ndiye tamvana."

"Mtima wanu ndi wouma ngati galasi lanulo."

"Galasi limasweka, a Niamat. Musachulutse mawu."

Dzanja la Nasiban linatulukira pansi pa nsalu, litagwira mphete ndi mpango wofiira wa chitomero. Niamat anaziyang'ana nthawi yaitali asanazitole. Potuluka anatsitsa pabulu botolo lalikulu lomata ndi phula n'kuliika pakhomo. Anati anabweretsa kuti ndi madzi a ukwati, ndipo sangabwerere nawo. Ine amene sindilira wamba, tsiku limenelo ndinalira ngati a Shabrati.

Atapita ndinamutembenukira mwanayo, ndipo sindinamunyengerere.

"Nyumba yopanda mwamuna ndikuidziwa ine, si nthano. Bambo ako atsala ndi kanthawi kochepa. Iwe watsala ndi moyo wonse. Wauganizira umenewo?"

"Ndauganizira, Azakhali. Ndikapita ku Kanauj nditalumbira, ndikakhala mkazi wopanda manja. Ndikapita osalumbira, Ababa anyamulidwa ndi aganyu. Ndikatsala, manja ndili nawo, Ababa ali ndi anthu awo. Chotayika n'chimodzi."

"Chimodzicho n'chachikulu."

"N'chachikulu. Nanga ndakana?"

Analowa m'chipinda, ndipo tsiku lonselo sanadye. M'mawa ndinamupeza akusakaniza utoto wa mtsuko wabuluu wa Begamu, maso ali otupa.

Lachisanu, amuna atachoka kumzikiti n'kukhala bwalo kwa a Shabrati, tinapita tonse awiri titafunda. Mkazi salowa pabwalo limenelo, ndiye tinaima pakhomo penipeni, potchinga njira. Nasiban analankhula mokweza kuti ndi wakumbuyo yemwe amve.

"Akuluakulu, mumaopa kuti luso lanu lipita ku Kanauj. Silipita. Mphete ndabweza. Sindidzatuluka pakhomo la bambo anga ngati mkwatibwi, lero kapena mawa. Chimenechi ndingalumbire nditagwira Buku, chifukwa n'choona. Abwezereni bambo anga huka yawo."

"Amatero onse," anatero Jumman. "Mawa kudzabwera wina wonunkhira kuposa uja, tidzangomva ng'oma."

"A Jumman, utsi wa kuseri kwa nyumba yathu mwakhala mukuuona, ndipo mukudziwa kuti si wa mikate. Ng'anjo ndinaumba ndekha, mtsuko wa Begamu unapsera momwemo. Mukandikana lero, nditumiza uthenga ku Kanauj kuti mphete ibwerere. Dothi liliko kumenekonso. Sankhani."

Amuna anayang'anizana. A Shabrati anadzuka, akulira kale, n'kupita okha kukatenga Buku. Nasiban anasamba m'manja, analigwira, analumbira mawu amene ananena aja, osawonjezera, osachotsera.

Bulaqi sitinamuuze kanthu. Masiku amenewo sankathanso kukhala pakhomo, anali chigonere. Anangomva mapazi ambiri pabwalo, n'kuona a Shabrati akulowa atanyamula okha huka ya bwalo, makala akuyaka, amuna onse ali pambuyo. Ife tinali kuseri kwa nsalu. Mlongo wanga anali wakhungu pang'ono, koma sanali wopusa.

"Shabrati, mwanayu watentha maburashi?"

"Ayi, m'bale wanga."

"Nanga wapereka chiyani?"

A Shabrati anamuuza. Sindinamuonepo Bulaqi atakwiya chotero. Anadzuka ndi chigongono, mawu akutuluka ngati akung'amba nsalu.

"Ndani anamutuma? Ndinamuphunzitsa kuti akakhale munthu, osati kuti adzakalambire pano ngati azakhali ake! Chotsani chinthu chanucho. Andikwirire agalu, mwana wanga akwatiwe!"

Mawu okhudza ine aja ndinawamva, ndipo ndinawameza, poti anali oona. A Shabrati anakhala chigwirire paipi. Palibe amene anadziwa chochita. Kenaka Nasiban analankhula, osakweza mawu.

"Ababa, madzi atayika kale, saoleka. Musaswenso mtsuko."

Bulaqi anatembenukira kunsalu kuja ngati angamuone. Anakhala choncho, chifuwa chikukwera n'kutsika. Kenaka anatambasula dzanja. Anakoka utsi pang'ono chabe, n'kutsokomola mpaka misozi, koma paipi sanaitaye. Chifuwa chitaleka, anatambasulira dzanja kumanja. Amene anakhala kumeneko anali Jumman, ndipo anailandira ndi manja awiri.

Sabata yomweyo a Shabrati anatumiza mawu kuti ng'anjo yaikulu yayatsidwa, ndipo malo a chowazira alipo. Nasiban anatsegula bokosi la thonje. Nsomba zija zinali chiyang'anizirane, monga anazisiyira.

"Chisanalowe pamoto, imodzi ikhoza kuchoka," ndinamuuza. "Chala chimodzi basi. Pamalopo uikepo duwa, usamadzaione tsiku ndi tsiku."

"Zisiyeni, Azakhali. Zinalipo ziwiri."

Kenaka anaviika kaburashi kake ka ubweya wa gologolo m'golide amene ndinapera ine, n'kundipatsa.

"Inunso simupita kulikonse. Pansi apa pakusowa tsamba."

Ndinadikira kaburashi kameneko kuyambira ndili buthu, ndipo kanandipeza manja atayamba kale kunjenjemera. Tsambalo linatuluka lokhota ngati mchira wa khoswe. Ndinafuna kulifufuta, Nasiban anandigwira dzanja. Lilipo mpaka lero, pansi penipeni, pamene sipayang'ana munthu.

A Shabrati anachiotcha okha, osalola wina kuyandikira. Nasiban anachikwechera pambali pa bambo ake, iwo akumvetsera kulira kwa mwala pagalasi. Atatha anachiika m'manja mwawo. Bulaqi anayendetsa chala pamamba a nsomba imodzi, kenaka pa inzake.

Anamwalira kuzizira kutangoyamba, m'mawa, ine ndikumuphikira phala la mpunga. Uthenga usanafike n'komwe kumapeto kwa msewu, bwalo lathu linali litadzaza. Anamusambitsa a Shabrati ndi Jumman, anamukulunga m'nsanda yoyera, n'kumugoneka pachithatha pafupi ndi khomo. Nasiban anaswa phula la botolo la Niamat, anadzaza chowazira, n'kuwaza bambo ake kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Nyumba yonse inanunkhira ukwati.

Akazi sitipita kumanda, timalekezera pakhomo. Nasiban anaima pamenepo atafunda, chowazira chili m'manja, kuti apereke kwa amuna akawazire pamanda. A Shabrati anafika patsogolo pake, koma m'malo molandira botololo anatambasula zikhato zonse ziwiri, monga amachitira mlendo pakhomo la mkwatibwi. Nasiban anawayang'ana. Kenaka anapendeketsa khosi lalitali lija n'kuwawaza. Anadzipukuta kumaso ndi m'ndevu, n'kupita kukaika phewa pansi pa chithatha. Wotsatira anatambasulanso zikhato, ndi wotsatira, mpaka Jumman, mpaka msewu wonse. Mwanayo anawawaza mmodzimmodzi, ine nditamugwira m'chiuno.

Chithatha chitanyamuka, mapewa anachuluka kuposa malo. Amuna ankakankhana, aliyense kufuna kuti anyamuleko mapazi angapo. A Shabrati atalandiridwa anabwerera kudzatenga chowazira, koma atachiona pafupi anachita mantha, n'kuyamba kufunafuna kansalu koti agwirire.

"Gwirani ndi manja, a Shabrati, musaope," anatero Nasiban. "Golideyo sachokanso."